Mpando wa Thandizo m'Basi ya ku Joni

Nsambe, Neno
9 Malichi 2025

Mwana wanga Thandizo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino. Kuno tilipo, ine ndi amayi ako. Mwezi uno mvula yagwa masiku asanu ndi limodzi, ndalemba m'kope langa la mvula monga ndichitira chaka chilichonse. Chimanga cha kumunsi chayamba kukhwima ndipo anyani adziwa kale.

Kalatayi ndapatsira a Jimu, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Mwanza ndi Joni. Ukundidziwa, pa foni sinditha kulongosola nkhani. Netiweki ya kuno mpaka munthu akwere pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo ukangoti muli bwanji yaduka. Pepala siliduka, ndipo ndimatha kuliwerenga kawiri katatu.

Tsopano undifotokozere bwinobwino za ntchito yakoyo. Ponyamuka unati akutenga kuti uzikasewera masewera a pakompyuta ndipo azikakulipira. Ine ndinavomera chifukwa amayi ako anavomera, koma mtima sunakhale pansi. Anthu kutchalitchi akandifunsa ndimangoti ali ku Joni, amagwira ntchito ya makompyuta. Undilembere kuti mumasewera ndi ndani, kangati, mumakhala nyumba yotani, ndiponso wamkulu wanu ndi ndani.

Amalume ako a Binwell ali ku Joni komweko pa ntchito yawo ya ulonda. Uzikawaona.

Ndine bambo ako,
Jailosi


Joni
6 Epulo 2025

Bambo,

Moni kwa inu ndi amayi. Ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti ndi zomwe mufuna kumva poyamba.

Ntchito yake ili chonchi. Mu ligi yathu muli matimu khumi, timu iliyonse anthu asanu. Timasewera Loweruka lililonse, milungu khumi ndi isanu ndi itatu, kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 12 Julaye. Matimu awiri otsiriza amachotsedwa mu ligi, ndipo osewera ake ntchito imathera pomwepo.

Masewerawo muwaganize ngati tsiku lothamangitsa anyani kumunda. Wina amatseka kumtunda, wina kumtsinje, wina pakati, ndipo pamakhala mmodzi wokuwa kuti alowera uku, thamangirani uko. Kungoti mundawo uli pakompyuta, ndipo anyaniwo ndi anthu asanu anzeru omwe nawonso akufuna kulowa m'munda mwathu. Wokuwayo akalakwitsa, onse agwa.

Tayamba moipa, bambo. Tasewera kanayi, tagonja kanayi. Tili pansi penipeni.

Timakhala tonse nyumba imodzi, atsikana awiri ndi anyamata atatu, zipinda zathu zili kosiyana, musadandaule. Wamkulu wathu ndi kochi, mayi wa ku Zimbabwe dzina lake Rejoice. Tikadzuka timayeserera kuyambira naini koloko mpaka madzulo, choncho sititulukatuluka. Mafoni timasiya kwa kochi, timatenga Lamlungu. Pasipoti yanganso ili kwa iwo, akukonzetsa mapepala.

Ndaikamo chithunzi cha timu yathu m'chipinda choyesereramo. Ine ndi wachiwiri kuchokera kumanzere, ngati mwandiiwala nkhope.

Kwa amalume sindinapite, nthawi ikuchepa. Anyaniwo muwauze kuti ndikubwera.

Mwana wanu,
Thandizo


Nsambe, Neno
27 Epulo 2025

Thandizo,

Moni. Ife tilipo. Kalata yako ndaiwerenga kasanu. Chithunzi ndachiyang'ana panja padzuwa, nditabwereka magalasi a amayi ako.

Lamlungu lapitali pa foni ndinalephera kukufunsa, chifukwa amayi ako anatenga nthawi yonse ndi nkhani ya ukwati wa Eliza. Ndiye ndikufunsa pano, ndipo uyankhe chimodzichimodzi osadumpha.

Choyamba, n'chifukwa chiyani mawindo atsekedwa ndi makatani akuda pomwe wotchi ya pakhoma ikuonetsa leveni koloko? Chachiwiri, pamkono wako wamanja pali chinthu ngati bandeji. Wavulala ndi chiyani? Chachitatu, pasipoti abweza liti? Mapepala ake ndi ati otenga mwezi wonse?

Amayi ako akuti ndikuchulutsa, akuti ndiyang'ane masaya ako m'malo moyang'ana makatani. Masaya ndawaona. Koma uyankhe.

Bambo ako,
Jailosi


Nsambe, Neno
15 Juni 2025

Alamu a Binwell,

Ndikupatsani moni, ine ndi mlongo wanu Stelia. Tikhulupirira ntchito ikuyenda. Ndikulemberani chifukwa inu ndi mwini mbumba, ndipo nkhaniyi sindingaisenze ndekha.

Thandizo watisowa. Kalata yanga ya mu Epulo sanayankhe. Ankaimba foni Lamlungu lililonse, koma Lamlungu la pa 1 Juni sanaimbe, la pa 8 sanaimbe, lero ndakhala pachulu kuchokera potuluka m'tchalitchi mpaka dzuwa kupendeka, osaimba. Ndikaimba ine foni yake ndi yozima.

Lachinayi kunabwera alendo pabwalo la sukulu kudzatichenjeza za anthu omwe amanyengerera atsikana ndi ntchito za kunja, kenako n'kukawasandutsa akapolo. Anatigawira pepala la zizindikiro zinayi. Ndafika nalo kunyumba, ndayala pambali pa kalata ya Thandizo ndi chithunzi chake, ndipo ndayendamo ndi cholembera.

Amalanda pasipoti. Thandizo analemba yekha kuti pasipoti ili kwa wamkulu wawo. Ndachonga.
Amalanda foni. Analembanso yekha. Ndachonga.
Salola munthu kutuluka. Akuti satulukatuluka, ndipo mawindo ndi otchinga ndi nsalu zakuda masanasana. Miyezi itatu ali mumzinda umodzi ndi inu, sanakuoneni. Ndachonga.
Pathupi pamakhala mabala. Ali ndi bandeji pamkono. Ndachonga.

Zinayi mwa zinayi, alamu. Ndabwereza kawiri kuopa kuti mwina ndalakwitsa. Ndipo tanenani inu, ndi ndani padziko pano amalipira munthu kuti azisewera?

Mlongo wanu akuti mwana wogwidwa ukapolo salemba nthabwala za anyani. Ine ndamuyankha kuti angalembe ngati wina wamuimirira kumbuyo. Tatsutsana masiku atatu, dzulo watopa, wati chitani zomwe mwaganiza.

Pempho langa ndi ili. Adiresi ndalemba kuseri kwa pepalali. Mukagule tikiti ya basi kaye, kuti pasakhale kuchedwa. Kenako mupite kumeneko, mukatenge pasipoti yake, mukamukweze basi. Akakana musamvere, chifukwa alendo aja anati ogwidwawo amaphunzitsidwa kunena kuti ali bwino. Ngakhale alire, mumukweze. Akalirire kuno.

Ndine mlamu wanu,
Jailosi


Joni
25 Meyi 2025

Bambo,

Moni. Kalata yanu ya mafunso yandipeza, ndipo ndaseka mpaka anzanga andifunsa kuti kwagwanji. Wotchi ya pakhoma munaiona bwanji? Ineyo sindinkadziwa kuti yatuluka pachithunzipo.

Ndiyankha osadumpha. Makatani akuda ndi oti dzuwa lisawalire pakompyuta, chifukwa likawala sitiona adani. Cha pamkono si bandeji ya bala, ndi lamba wogwira mkono kuti usatope, tonse tili naye. Pasipoti ikudikira chilolezo changa chogwirira ntchito m'dziko muno, akuti chituluka mu Juni.

Tsopano nkhani yabwino. Titagonja kachisanu ndi chimodzi kochi anandipatsa ine udindo wokuwa uja. Ndinagula kope, ndinalemba mizere ndi lula, n'kuyamba kulemba timu iliyonse: tsiku, amakonda kulowera njira iti, pa mphindi yachingati, amachita chiyani akapanikizika. Anzanga ankandiseka kuti zonse zili kale pakompyuta. Koma chimene walemba ndi dzanja sichichoka m'mutu, munandiphunzitsa ndinu. Chiyambireni tapambana kanayi mwa kasanu.

Tikadali pangozi, tili nambala naini. Zikuoneka kuti zonse zidzadziwika pa masewera otsiriza a pa 12 Julaye. Ndipo tilibe wosewera wapadera, amene analipo anabwerera kwawo. Tsiku limenelo mmodzi wa ife akangosowa, timu imawerengedwa kuti yagonja osasewera, ndipo tonse asanu ntchito yatha. Ndiye muzitipempherera ngakhale ku chimfine.

Chomaliza, musadabwe. Kuyambira pa 1 Juni mpaka ligi itatha sindiimba foni. Anthu a pa intaneti amatitukwana kwambiri tikagonja, ndipo mnzathu wina akawerenga amalephera kudya. Ndiye ndauza anzanga kuti tonse titsekere mafoni m'chitini mpaka pa 13 Julaye. Maganizowa ndi anga, osati a kochi. Ndalemba msanga kuti kalatayi ikupezeni tsikulo lisanafike, chifukwa ndikukudziwani.

Mwana wanu,
Thandizo


Nsambe, Neno
3 Julaye 2025

Alamu a Binwell,

Moni, koma ndilibe nthawi ya moni wautali. MUSAMUTENGE MWANAYO. Ndabwereza, musamutenge.

Lero a Jimu andipatsa kalata ya Thandizo yolembedwa pa 25 Meyi. Akuti inalowa m'thumba la kumpando wa galimoto, yakhala ikuyenda nawo ulendo uno ndi uno milungu isanu. Apepesa, koma kupepesa sikubweza masiku. Mwanayo anayankha zonse. Zinayi zija ndinachonga zili ndi mayankho ake, ndipo za mafoni anayambitsa ndi iye mwini.

Choopsa ndi ichi. Uthenga wanu wa pa foni wa pa 28 Juni unati mwapeza tchuthi cha masiku atatu, mupita kumeneko pa 10, ndipo mwagula tikiti ya Loweruka pa 12 Julaye. Alamu, limenelo ndi tsiku la masewera awo otsiriza. Iye akasowa, timu yonse ichotsedwa, ana asanu ntchito iwathera, ndipo wochititsa ndi ine ndi cholembera changa.

Ndakuimbirani kakhumi ndi kawiri lero, foni yanu sikupezeka. Ndaimbira mkazi wa a Chiyanjano, anzanu aja a ku Joni, kwawo ku Ligowe, akuti amuna awo anawauza kuti foni yanu inabedwa pokwerera mataxi, ndipo iwo anasamukira ku Durban, sangakupezeni. A Jimu akuti anyamuka Lachiwiri pa 8, ndipo akapanda kuchedwa pamaboda afika Lachisanu. Ndawapempha kuti asatsitse katundu wa munthu aliyense asanakupatseni pepalali.

Ndinakulemberani kuti ngakhale alire musamvere. Mawu amenewo ndawabweza. Mumvereni.

Mlongo wanu sakundilankhula. Akungoti, "Ndinakuuzani za masaya."

Jailosi


Joni
Lachisanu, 11 Julaye 2025

Alamu,

Moni kwa inu ndi mlongo wanga. Ine ndilipo, kungoti foni anandithandiza kunyamula anyamata a pa renki ya mataxi, mpaka lero sanabweze. Chilandirireni kalata yanu ya mu Juni sindinamve kanthu kuchokera kwa inu, ndiye ndachita monga munalamula, kupatula chinthu chimodzi. Khalani pansi ndikuuzeni.

Dzulo ndinavala yunifolomu ya kuntchito, jekete ndi nsapato zake, kuti akandiona adziwe kuti kwabwera munthu. Ndafika pageti, ndikukonza kukhosi kuti ndikuwe, ndangomva kumbuyo kwanga, "Amalume! Mwasochera?" Kutembenuka, ndi Thandizo, wanyamula buledi muwiri ndi mkaka, akuchokera kusitolo yekha, kiyi wa geti ali m'manja. Ndinati mumtima, chizindikiro chachitatu cha alamu chagwera m'madzi.

Ndinamupatsa kalata yanu kuti awerenge yekha. Anakhala pasitepe. Poyamba anaseka, atafika pa mawu aja akuti akalirire kuno anasiya kuseka.

"Tikiti ndi ya liti?" anafunsa.

Ndinati, "Mkuja, Loweruka, eyiti koloko m'mawa."

"Amalume, Loweruka ndi tsiku lomaliza. Ndikachoka ine, anzanga anayi m'nyumbamu ntchito yawathera. Kalata yanga sanalandire?"

Ndinati, "Za kalata sindidziwa. Ine ndatumidwa pasipoti ndi mwini wake."

Tinalowa. Mayi Rejoice aja ndi wamfupi, sandifika paphewa. Ndinati pasipoti, anatsegula kabati n'kundipatsa, muli chidindo chatsopano cha chilolezo, akuti chinatuluka milungu iwiri yapitayo ndipo mwini wake anaiwala kutenga. Ndinati mafoni, anandilozera chitini cha mabisiketi chokhoma ndi loko. Ndinati kiyi, analoza Thandizo. Kiyiyo mwana wanu wavala m'khosi ngati mkanda wa ubatizo.

Komabe ine sindinagonje msanga, alamu. Munalemba kuti amaphunzitsidwa zonena, ndipo mawu a mlamu si otaya. Ndinati, "Ine pano sindichoka. Chitani zomwe mumachita, ndione." Anandipatsa mpando ndi tiyi.

Anakhala asanu pamzera, zomvera m'makutu, makatani anu aja atatseka. Zomwe zinkachitika pakompyutapo musandifunse, ndinangoona tinthu tikuthamangathamanga ndi moto. Koma makutu ndili nawo. Mawu ankamveka m'chipindamo ndi amodzi, a mwana wanu. "Bwerera! Ndati bwerera! Dikira, dikira, tsopano!" Mnyamata wina wamtali ngati mlongoti analowa pomwe sanauzidwe, onse anagwa. Thandizo anavula zomvera zija, anatsegula kope, n'kumuwerengera tsiku ndi mphindi zomwe anachitanso zomwezo mwezi watha. Mnyamatayo anangoti pepani. Kenako kochi ananena kuti adani a Loweruka amakonda njira ya kumtunda. Mwana wanu anati ayi, anatembenuza masamba atatu, n'kuwaonetsa kuti anasintha kuyambira mu Juni. Kochi anayang'ana, anati wanena zoona, n'kufufuta zake pabolodi.

Alamu, zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikutsegulira mabwana geti. Ndikudziwa mmene munthu wogwidwa pakhosi amayankhulira ndi bwana wake. Sayankhula choncho.

Ndinapempha kopelo. Mizere yolemba ndi lula, tsiku kumanzere, manambala oima mowongoka ngati asilikali, polakwika podula ndi mzere umodzi osati kufufuta. Ndinati ili ndi kope la mvula la ku Nsambe. Ndinayang'ana mwanayo ndipo ndinaona inuyo, kungoti wopanda dazi.

Ndiye ndaphwanya lamulo lanu. Mukafuna kundizenga mlandu mudzandizenge pa Khirisimasi, ndidzabwera ndi mbuzi. Thandizo sakwera basi. Tikiti akuti sabweza, ndiye pampando wake, nambala 23, ndikweza bulangete la mlongo wanga ndi kalata ino, kondakitala ndi mnyamata wa ku Lisungwi, ndamuuza kuti akaona bambo wa nkhope ya nkhawa pa boda ya Mwanza amupatse. Ndikudziwa kuti mukakhalapo.

Mawa ndikupita kukaonerera. Andipatsa malaya a timu, akundithina pamimba.

Mlamu wanu,
Binwell

Bambo, ndine Thandizo, amalume andisiyira malo pang'ono. Ndinakwiya, tsopano zatha. Koma wotchi munaiona, kiyi wa m'khosi simunamuone? Analipo kale pachithunzipo, nthawi imeneyo anali wa geti. Mutipempherere mawa.


Nsambe, Neno
16 Julaye 2025

Mwana wanga Thandizo,

Moni. Ife tili bwino, bwino kwambiri. Amayi ako ayambanso kundilankhula, ndipo bulangete akufunda, chiperoni chavuta sabata ino.

Lolemba pa foni unalankhula mothamanga ndipo netiweki inadula kawiri, ndiye ndilembe zomwe ndinamva, ukonze ngati ndalakwitsa. Munagonja chigawo choyamba, munapambana ziwiri zotsatira. Mwathera pa nambala eyiti mwa khumi, choncho simuchotsedwa, chaka chamawa muliponso nonse asanu. Amalume ako anakuwa mpaka alonda anzawo a pamalopo anawapempha kuti akhale pansi. Kusukulu ukanabwera ndi nambala eyiti mwa khumi ndikanakufunsa mafunso, koma iyi ndauza tchalitchi chonse pa mapemphero a dzulo. Ndawauzanso ntchito yako dzina lake lenileni. A Herbert anafunsa ngati ndi ya juga, ndinawafotokozera za anyani, anamva.

Pali zomwe sindinathe kunena pa foni. Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Ndinakwera njinga yamoto m'mamawa kupita ku Mwanza, ndinafika pa boda isanakwane teni koloko. Sindinadziwe ngati a Jimu anafika ndi kalata yanga yoletsa amalume ako. Tsopano ndamva kuti anachedwa masiku atatu pa boda ya ku Zimbabwe, ndipo kalatayo ikadali m'galimoto. Ikafika amalume ako ayatsire mbaula.

Ndinakhala pamwala pafupi ndi amayi ogulitsa manachesi. Mayi wina anandifunsa kuti mukudikira ndani, ndinati mwana wanga wamkazi. Anati Mulungu amufikitse bwino. Ndinalephera kuyankha ameni.

Basi inafika cha m'ma folo koloko. Anthu anayamba kutsika kuti akadinditse mapasipoti. Ndinaimirira pakhomo pake ndikuyang'ana mmodzimmodzi. Aliyense wamkazi akaonekera pasitepe ndinkasendera pafupi. Kunatsika mtsikana wina wa msinkhu wako atafunda chitenje kumutu, ndinagwira galasi la basi. Atatembenuka sanali iwe. Miyezi inayi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti ndione nkhope yako, ndipo tsiku limenelo ndinamupempha kuti ndisaione. Ndinawerenga anthu makumi asanu ndi mmodzi. Kenako kondakitala anatsika ndi bulangete, anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kunena kuti, "Bambo, inu ndi a Jailosi." Sindinamuuze dzina.

Kalata ya amalume ako ndinawerengera pomwepo, nditakhala pamwala uja. Mayi wa manachesi anaona misozi n'kuyamba kundipepesa, akuti kodi wasiyidwa mwanayo? Ndinati eya, wasiyidwa, zikomo kwambiri. Anasuntha dengu lake kupita nalo patali.

Ndalakwa, mwana wanga. Pepala la alendo aja si loipa, lithandiza ena, ndalisunga. Cholakwa ndi changa, ndinachonga ndisanamve mbali yako. Upepese m'malo mwanga kwa mayi Rejoice ndi kwa anzako anayi. Chithunzi ndachiyang'ananso padzuwa. Kiyi alipodi.

Zotsala ndi zazing'ono. Pasipoti usunge wekha tsopano, m'pepala la pulasitiki, osati pansi pa matiresi pomwe aliyense amayambira kufuna. Makatani aja muzitsegula m'mawa ngakhale theka la ola, maso ndi amodzi. Chaka chamawa mukafuna kutsekeranso mafoni m'chitini, ulembe makalata awiri, ina upatsire a Jimu, ina munthu wina. Ndipo kope likadzaza usataye, ugule lina ulembe nambala 2 pachikuto. Langa la mvula lili pa nambala 19.

M'kope limenelo simulowa nkhani zina, koma Lamlungu nditafika kunyumba ndinalembamo. Amayi ako awerenga ndipo akuti adzukulu akadzaona adzati agogo awo anali ozungulira mutu. Ndasiya momwemo, sindidula. Palembedwa kuti: 13 Julaye. Mvula, palibe. Thandizo sanabwere. Ambuye atamandike.

Ndine bambo ako,
Jailosi